Trans- ndi Nkhani ya Kutsidya

Mayfair, Johannesburg
Loweruka usiku, mwezi wa Meyi

Mphwanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti nonse kumudziko mukudzuka bwino, kuyambira agogo ako mpaka kamchimwene kako kosamva kaja. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba kale kuluma. Cha kuno si chija cha ku Ntaja chimene munthu amachipirikitsa ndi chitenje chimodzi ayi. Mzindawu unakhala pamtunda zedi, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, moti ikafika Juni udzu umacha utayera mbee ndi madzi oundana. Mayi ako anandiuza kuti mpunga wa kudambo wachita bwino ngakhale mbalame zinakusautsani. Uwauze asathamangire mavenda, mtengo wa nthawi yokolola ndi wongoberana basi.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaulandira pamodzi ndi chithunzi cha tsamba la m'kope mwako. Sindinayankhe pomwepo chifukwa nkhani yake siyokwana pa foni, komanso ndikudziwa kuti foniyo ndi ya mayi ako ndipo bandulo siichedwa kutha. Ukuti aphunzitsi a Chingerezi akupatsani mndandanda wa mawu oyamba ndi trans- kuti muloweze mayeso a MSCE asanafike, ndipo iwe mutu wakuzungulira chifukwa sukuona chimene chikugwirizanitsa transport, transparent ndi transgress. Aphunzitsiwo sanalakwe kukupatsani mawuwo, koma kuloweza mndandanda ndi ntchito yolemetsa yomwe phindu lake limatha tsiku la mayeso. Ine ndinagwirapo choko ndisanabwere kuno, ndipo ndinkaona ana akuloweza mawu ambirimbiri n'kukakomoka ndi limodzi lokha limene silinali pa mndandanda.

Tiyambe ndi dzina lake. M'phunziro la Chichewa kaphatikizo koikidwa kumayambiriro kwa tsinde mumakatcha mphatikiram'mbuyo, ndipo trans- ndi mmodzi wa aphatikiri oterowo. Koma si wa Chingerezi. Ndi wa Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale amene mzinda wawo unamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Tiber ku Italy. Kwa iwo trans linali liwu loima palokha, ndipo tanthauzo lake ulidziwa kuyambira uli kumsana kwa mayi ako: kutsidya, kuwoloka, kudutsa n'kukatulukira mbali ina. Mpaka lero ku Rome kuli dera lotchedwa Trastevere, dzina lochokera ku mawu akuti trans Tiberim, kutsidya kwa Tiber, chifukwa mzinda weniweni unali tsidya linalo.

Umuganizire trans- ngati bwato lija la pa Chiuta. Bwato ndi limodzi, ntchito yake ndi imodzi, kuwolotsa. Chimasintha ndi katundu: lero thumba la mpunga, mawa njinga, mkuja mbuzi yomangidwa miyendo. Ukakumana ndi liwu loyamba ndi trans-, usataye nthawi kufunsa za bwatolo, suzumira m'katimo uone chimene chakwera.

Mu transport mwakwera portare, kunyamula. Thiransipoti imene mumaidandaula kuti yakwera mtengo kuchoka pa Nselema kupita ku Liwonde ndiye kunyamula n'kuwolotsa kumeneko. Ndipo ukamugwira portare wagwira banja lonse: export kunyamula kutulutsa, import kunyamula kulowetsa, report kunyamula nkhani kubwerera nayo kwa amene anakutuma. Ngakhale deport, liwu limene anyamata a kwathu kuno amaliopa kuposa matenda akamva za ku Lindela kumene amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo, ndi portare yemweyo, kumunyamula munthu kumuchotsa. Mu transmit muli mittere, kutumiza. N'chifukwa chake liwu lomwelo limagwira ntchito pa wailesi ndi pa malungo: nsanja ya wailesi imatumiza mawu kuwoloka mapiri, udzudzu umatumiza kachirombo kuchoka mwa munthu uyu kupita mwa uyo. Mu transparent muli parere, kuonekera, ndiye kuti chinthu chimene maso amachidutsa n'kukaona za kuseri kwake, monga galasi la pa zenera. Andale akamafuula za transparency pa misonkhano akutanthauza kuti makoma a maofesi awo akhale otero, ngakhale ine sindinaonepo khoma lotere. Mu transgress muli gradi, kuponda kapena kuyenda, choncho ndi kuponda kutsidya kwa malire, kulumpha lamulo. Thiransifoma ya pa malo ochitira malonda ija ili ndi forma, maonekedwe: imalandira magetsi a mavoti 11,000 kapena 33,000 n'kuwawolotsa kukhala a mavoti 230 oti babu wa m'nyumba asaphulike.

Limene ndimalikonda ndi transplant, chifukwa iwe umalichita ndi manja ako chaka chilichonse. Pamene munali kuzula mbande za mpunga pa nazale n'kumakaziwokera m'matope mu Januwale, amenewo ndiye anali matanthauzo ake oyamba, kubzala mbali ina. Madokotala anangobwereka kwa alimi. Pa 3 Disembala 1967, ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, dokotala Christiaan Barnard anachotsa mtima mwa munthu amene anali atangomwalira n'kuuika mwa wodwala wina, koyamba pa dziko lonse. Wodwalayo anakhala masiku 18 okha, koma njira inali itatseguka. Nyuzipepala zinalemba heart transplant, kumene ndi kuwokera mtima basi. Mnzake ndi transfusion, wochokera ku fundere, kuthira, pajatu ku chipatala cha boma ku Liwonde amati amuwonjezera magazi.

Mwina ukufunsa kuti nanga Chilatini chinakalowa bwanji m'kamwa mwa Angerezi, anthu a pa chilumba cha kutali ndi Rome. Chinalowa kangapo, osati kamodzi. Aroma analanda Britain kuyambira m'chaka cha 43 ndipo anachokako cha m'ma 410, koma nthawi imeneyo makolo a Angerezi anali asanakhazikike pa chilumbapo. Mu 597 kunafika mmishonale Augustine wotumidwa ndi Papa Gregory, ndipo Chilatini chinakhala chiyankhulo cha tchalitchi ndi cha mabuku. Chigumula chenicheni chinabwera mu 1066 pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England. Iye ndi nduna zake ankayankhula Chifalansa, chimene ndi mwana wa Chilatini monga zilili Chipwitikizi, Chisipanishi ndi Chitaliyana. Kwa zaka pafupifupi 300 ku nyumba ya mfumu ndi ku makhoti kunkamveka Chifalansa, pamene wamba kumunda ankayankhula Chingerezi chake chakale. Kenaka m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 anthu ophunzira anayamba kutapa mawu m'mabuku a Chilatini mwachindunji. N'chifukwa chake Mngerezi ali ndi mawu awiri pa zinthu zambiri, la kunyumba ndi la ku ofesi: carry ndi transport, send ndi transmit, see-through ndi transparent. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a ziyankhulo anapeza kuti through wa Chingerezi chenicheni ndi trans wa Chilatini anachokera ku muzu umodzi wakale kwambiri wotanthauza kuwoloka. Ndi apachibale amene anasiyana kalekale n'kudzakumananso osadziwana.

Usawaseke Angerezi kuti ndi opemphetsa mawu, ifenso ndi omwewo. Chimene wagwira m'manjamu timachitcha kalata, liwu limene tinatenga kwa Apwitikizi amene amati carta, iwonso analandira kuchokera ku charta ya Chilatini. Nsapato ndi sapato yawo, mbatata ndi batata yawo. Makolo athu a Chiyao amene ankayenda maulendo a malonda kupita ku gombe la nyanja yamchere sankabwera ndi nsalu ndi mikanda yokha ayi.

Tsopano ndikuuze za ntchito yanga, poti nayonso ili pa mndandanda wakowo. Ukudziwa kuti kupatula ntchito ya m'sitolo, nthawi zina amandiitana kukamasulira pamene munthu wa kwathu ali ndi mlandu kapena wagonekedwa m'chipatala ndipo Chingerezi kapena Chizulu chikumuvuta. Kuti uimvetse, tiyambire pa transfer, mmene muli ferre, liwu linanso la kunyamula. Ndiye thiransifa ya mphunzitsi kuchoka pa sukulu ina kupita pa ina, ndiyenso ndalama zimene ndimakutumizirani pa Mukuru, ndiyenso Mtukula Pakhomo amene agogo ena m'mudzimo amalandira, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pa Chingerezi amaitcha Social Cash Transfer. Koma mneni ameneyu ferre anali wosinthasintha. Pofuna kunena kuti chinthu chanyamulidwa, Aroma sankagwiritsanso ntchito tsinde lomwelo, ankati latus. Kuchokera apo tinapeza translate. Choncho transfer ndi translate ndi mneni mmodzi wovala malaya awiri, ndipo kwa Mngerezi kumasulira ndi kunyamula nkhani kuiwolotsa kuchoka m'chiyankhulo china kupita m'china.

Ine pamenepa ndimatsutsana nawo pang'ono. Amene anaimapo pakati pa woweruza ndi mnyamata wa ku Chikweo wonjenjemera ndi mantha amadziwa kuti nkhani siwoloka yathunthu ngati thumba la chimanga. Mnyamata akati zinthu zinangondichitikira, kapena akati ndinali ndi abale anga pamene akunena anzake a mudzi umodzi, ukangonyamula mawuwo momwe alili wamupachika. Uyenera kuyamba wamasula mfundo, uone chimene chamangidwa m'katimo, kenaka umangenso mwa njira imene mbali inayo ingamve. Ife timati kumasulira, kuchokera ku kumasula, ndipo agogo ako pa Chiyao amati kugopolela, kuchokera ku kugopola, kumasulanso komweko. Ndikuona kuti makolo athu anaiona bwino ntchitoyi kuposa Aroma.

Koma pali pena pamene ife ndi iwo tinaganiza chimodzimodzi, ndipo apa pakuthandiza pa mapepala onse awiri, la Chingerezi ndi la Chichewa. Pa Chilatini ire ndi kupita. Trans ndi ire zikakumana zimabala transit, transition ndi transitive. Aphunzitsi akamati transitive verb ana ambiri amangolemba osamva kanthu, chonsecho m'kalasi ya Chichewa amayankha bwinobwino za mneni woyambukira. N'chinthu chimodzi. Ukati mwana waswa mbale, ntchito ya kuswa yachoka kwa mwana yawolokera pa mbale, yayambukira. Ukati mwana wagona, kugonako kwathera mwa mwana yemweyo, sikunawoloke, ndiye mneni wosayambukira, intransitive, poti in- wa kumayambiriroyo ndi wokana. Pamenepa palibe choloweza.

Chimene ndikufuna uchigwiritse kwambiri n'chakuti kutsidya kulibe malo ake enieni. Kumadalira pamene waima wonenayo. Ukakhala pa Liwonde mbali yathu ya Machinga, kutsidya ndi ku Balaka. Ukawoloka pa baraji paja n'kutembenuka, kutsidya kwasanduka kwanu. Pajatu mpaka 1998 Balaka inali mbali ya boma la Machinga, Shire ankangodutsa pakati pa boma limodzi. Ndiye ukaona dzina la malo loyamba ndi Trans- pa mapu, udzifunse kuti amene anatcha dzinali anaima pati, chifukwa ameneyo ndiye anali ndi mphamvu ndi cholembera.

Aroma anali ndi liwu lina lotsutsana ndi trans, loti cis, tsidya lino. Dziko la anthu otchedwa Agalo analigawa pawiri potengera mapiri a Alps. Chigawo cha kumpoto kwa Italy, kumene lero kuli Milan, ankachitcha Gallia Cisalpina, tsidya lino la mapiri. Chigawo cha ku France ankati Gallia Transalpina, kutsidya kwa mapiri. Tsidya lino la yani? La munthu wokhala ku Rome. Mgalo wa ku France sankadziona ngati wakutsidya, anali pakhomo pake. Ku Romania kuli Transylvania, kuseri kwa nkhalango, poti silva ndi nkhalango. Dziko la Jordan kuyambira 1921 linkatchedwa Transjordan, kutsidya kwa mtsinje wa Jordan, mpaka eni ake anadzachotsa trans- yo m'zaka za m'ma 1940 atalandira ufulu.

Nanga pamene ndakhala ine pano ndikulemba? Agogo ako aamuna, malemu, akamakamba za masiku awo a ku migodi sankati Gauteng, dzina limenelo kunalibe. Chigawo chino chinali Transvaal, kutsidya kwa mtsinje wa Vaal. Anatcha ndi Mabunu amene anachoka ku Cape m'zaka za m'ma 1830 ndi ngolo zawo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo kwa munthu wochokera kummwera dziko lino linalidi kutsidya. Asotho, Atswana, Apedi ndi Avenda amene anawapeza kuno sanafunsidwe. Golide atapezeka mu 1886 Johannesburg anamera, ndipo Transvaal inakhala chigawo cha South Africa kuyambira 1910 mpaka 1994. Galimoto zakale za mu mzinda muno zinkayamba ndi TJ, za ku Pretoria TP, T ameneyo ndi wa Transvaal. Kunoko ndi kumene Wenela inkatutira amuna a kwathu, mpaka ndege yake inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a ku migodi. Ufulu utabwera mu 1994 chigawochi anachiduladula: Gauteng, Mpumalanga, Limpopo ndi mbali ina ya North West. Taona maina atsopanowo. Gauteng ndi Chisotho, malo a golide. Mpumalanga ndi kotulukira dzuwa. Anthu anatopa kukhala akutsidya m'dziko lawo lomwe.

Ku Eastern Cape zinali zoonekeratu kwambiri. Kuli mtsinje wa Kei. Boma la tsankho linapatula madera awiri a Axhosa n'kumati ndi mayiko odziimira paokha: Transkei mu 1976 ndi Ciskei mu 1981. Ciskei ndi mbali yoyandikira ku Cape Town, Transkei ndi mbali inayo, kumene Nelson Mandela anabadwira m'mudzi wa Mvezo mu 1918. Palibe dziko lina kunja kwa South Africa limene linawavomereza, ndipo mu 1994 onse anabwezedwa. Mnzanga wina wa ku Mthatha amene timagwira limodzi ntchito amatchulabe kwawo kuti Transkei mosaganizira n'komwe, ndipo nditamufunsa kuti kodi ndiwe wakutsidya kwa yani, anaseka n'kunena kuti funso limenelo ndikafunse Azungu a ku Cape.

Kwathu nakonso trans- anafika pa njanji. Mu 1922 kunatsegulidwa Trans-Zambezia Railway yochokera kufupi ndi Beira kudzafika m'mbali mwa Zambezi, kuti katundu wa Nyasaland azipeza njira ya ku doko. Choseketsa n'chakuti kwa zaka zoposa khumi sitimayo inkathera pa gombe, anthu ndi katundu n'kumawolotsedwa pa madzi, mpaka mlatho wautali wa pa Dona Ana unatha mu 1935. Njanji ya kufupi ndi kwathu, yochoka pa Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka pa Nayuchi, ndi ya 1970. Sitima zazitali za malasha zimene mumaziona zikuchokera ku Moatize kupita ku Nacala, katundu wake si wathu ndipo sathera kwathu, amangodutsa. Ameneyo ndiye katundu wa transit. Ndipo ukangolumpha malire pa Nayuchi siteshoni yoyamba ndi Entre Lagos. Entre ndi inter wa Chilatini atavala Chipwitikizi, kutanthauza pakati pa, ndipo lagos ndi nyanja. Pakati pa nyanja, Chilwa uku Chiuta uku. Inter yemweyo ndiye ali mu international ndi mu intaneti. Mnyamata wogulitsa matemba pa Nayuchi amatchula Chilatini tsiku lililonse osadziwa.

Transit ine ndimamudziwa ndi msana. Basi ikanyamuka muno imawoloka Limpopo pa Beitbridge, n'kudutsa Masvingo ndi Harare, n'kutulukira pa Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka Zobue ndi Mwanza. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique suli mlendo wodzacheza, uli wongodutsa, ndipo ofesala akakufunsa umayankha liwu limodzi lomwelo. Apolisi a pamsewu a ku Mozambique nawo amatchedwa a trânsito. Kalata ino ibwera njira yomweyo m'manja mwa thiransipota wa kwathu konko amene amanyamula katundu wa anthu, ndipo ndaiika m'thumba la jekete limene lili pamwamba m'chikwama chachikulu.

Tsopano za kubisala. Nthawi zina trans- amataya zilembo, ndipo apa ndi pamene nkhani imakoma. Akakumana ndi tsinde loyamba ndi s pamatsala s mmodzi, n'chifukwa chake timalemba transcript ndi s mmodzi ngakhale ndi trans ndi scribere, kulemba. Pena amatsala tra- yekha. Aroma anaphatikiza trans ndi dare, kupatsa, n'kupanga tradere, kupereka chinthu m'manja mwa wina. Kuchokera pamenepo kunabadwa tradition, mwambo, chifukwa mwambo ndi chimene akuluakulu amapereka m'manja mwa ana, monga zimene anakanga ndi angaliba amapereka ku nsondo ndi ku jando. Koma tradere yemweyo anabalanso traitor ndi treason, wopereka mnzake kwa adani ndi mlandu woukira dziko. M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma Diocletian inalamula kuti Akhristu apereke mabuku awo opatulika kuti atenthedwe. Amene anapereka anatchedwa traditores, ndipo kumpoto kwa Africa, ku Carthage kumene lero ndi Tunisia, mpingo unagawanika kwa zaka zoposa 100 pa funso loti kodi mtsogoleri amene anapereka mabuku angabatizenso anthu.

Ukaganiza bwino, Chichewa chinayenda njira yomweyo popanda kuonera kwa Aroma. Timati kupereka mphatso, kupereka mwambo, kupereka ulemu. Timatinso uja anampereka mnzake. Liwu ndi limodzi, dzanja ndi lomwelo, chasiyana ndi chimene chaperekedwa ndi amene walandira. Nditazindikira zimenezi ndinakhala chete kanthawi ndithu.

Kudzera m'Chifalansa trans- anasanduka tres-, ndipo ndi amene ali mu trespass, liwu lolembedwa pa zipata za m'maesiteti kwathu ndi pa mipanda ya nyumba za kuno, pambali pa chithunzi cha galu wolusa. Kudutsa kupyola pamene unaloledwa.

Chenjezo ndi ili: si liwu lililonse loyamba ndi tra- limene ndi la banja limeneli. Train ndi tractor ndi ana a trahere, kukoka, thirakitala imakoka pulawo ndipo mutu wa sitima umakoka mabogi. Travel ndiye amanamiza ambiri chifukwa amaoneka ngati m'bale wa transport. Si m'bale. Anachokera ku travail, kuvutika ndi ntchito yowawa, ndipo akatswiri ambiri amalilondola liwuli mpaka ku chipangizo cha mitengo itatu chimene ankamangirirapo anthu powazunza. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa pa Beitbridge mu Disembala sangatsutse.

Aphunzitsi ena achikulire angakuuzeni kuti Kamuzu ankati munthu wosadziwa Chilatini sanaphunzire. Ankakhulupiriradi zimenezo, moti pa Kamuzu Academy imene anatsegula ku Mtunthama mu 1981 mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ku Chancellor College ku Zomba kunakhazikitsidwa gawo la maphunziro omwewo. Iyeyo ali mnyamata anagwirako ntchito ya ukalaliki ndi kumasulira pa mgodi wina ku Boksburg, kufupi ndi kuno, asanapite ku America mu 1925. Ine sindivomereza kuti agogo ako, amene amayankhula Chiyao, Chichewa ndi Chilomwe n'kumawerenganso Chiarabu cha ku madrasa, ndi osaphunzira chifukwa chosadziwa chiyankhulo cha anthu amene anafa kale. Komanso sindigwirizana ndi amene amati Chilatini n'chopanda ntchito. Sukufunika chonse. Aphatikiri ochepa okha, trans-, inter-, sub-, ex-, re-, pre-, con-, ndi masinde monga portare, mittere, ferre ndi scribere, akutsegulira mawu ochuluka kuposa amene ungaloweze chaka chonse, makamaka iwe amene ukuti ukufuna unamwino, kumene mabuku ake adzaza ndi mawu otere.

Ndikupatse ntchito. Mayi ako akalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uwerenge uthenga umene umabwera, upeze transaction, ndipo undiuze chimene chawoloka podziwa kuti agere ndi kuchita. Kenaka uyese translucent ndi transient wekha osatsegula dikishonale. Lucere ndi kuwala, ndipo ire ndakupatsa kale. Uyankhe pa pepala, osati pa foni, ndione ngati dzanja lako linasintha.

M'chikwamamo muli mabulangete awiri, limodzi ndi la agogo ako ndipo wina asalitenge. Nsapato zakuda ndi zako, ndagula zokulirapo dala. Tochi ya sola ndi yoti uziwerengera usiku, osati yoti mchimwene wako azikasakira mbewa. Ndalama ya thiransipoti yopitira ku mayeso ndatumiza padera kwa mayi ako, ndipo uwakumbutse za malata aja kuti asagule asanandiimbire, ndikufuna ndiyambe ndalankhula ndi mmisiri. Upereke moni kwa bambo ako, kwa mayi ako aang'ono, ndi kwa amfumu ukawaona. Thiransipotayo abwerera kuno pakatha milungu iwiri, ndiye ngati mpunga wa kilombero wapunthidwa kale, munditumizireko pang'ono pamodzi ndi yankho lako.

Ndine mjomba wako.